Paul Ngozi: Gitala ya ku Chibolya idakalirabe

Pa misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Phalula, ngakhalenso pa Balaka, Liwonde ndi Ntaja, sipasowa bambo wa imvi amene ukacheza naye bwino amaulula kuti paunyamata wake adayimbako m'bandi. Lero mwina ndi telala, wokonza njinga kapena mkulu wa mpingo, koma kale ankakhwacha gitala ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga, mnzake akuguguda ng'oma ya chikopa cha mbuzi. Bandiyo idali ndi dzina, idali ndi nyimbo zakezake, ndipo atsikana a m'deralo ankazidziwa pamtima. Koma ukapempha kuti umveko ngakhale imodzi, palibe pomwe idajambulidwa. Idapita ndi unyamatawo.

Kwa anansi athu ku Zambia kudali mnyamata wina amene naye adayambira m'timagulu ta anyamata a m'tauni. Dzina lake lenileni lidali Paul Dobson Nyirongo, koma dziko lidamudziwa kuti Paul Ngozi. Iye adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Patatha zaka 35 ali m'manda, mu October 2024, mawu ake akuyimba m'Chinyanja adamveka m'nyimbo ya katswiri wa ku America, Tyler, the Creator, ndipo achinyamata miyandamiyanda amene sadziwa nkomwe komwe kuli Lusaka adayamba kufunsa kuti mwini mawuwo ndani.

Mwana wa m'komboni

Ngozi adabadwa pa 10 January 1949 ndipo adakulira ku Chibolya, imodzi mwa makomboni akale a mumzinda wa Lusaka. Nthawi imeneyo dzikolo linkatchedwa Northern Rhodesia, ndipo Lusaka idali itangokhala likulu kwa zaka 14 zokha, kuchokera pomwe atsamunda adasamutsa boma ku Livingstone mu 1935. Azungu adadzipatsa malo a mitengo ndi misewu yabwino, anthu akuda owagwirira ntchito nkuwaunjika m'makomboni. Dzina loti Chibolya m'Chibemba limanena za mudzi womwe anthu adausiya, chomwe kwathu kuno timati bwinja. Koma bwinja limeneli lidali lodzaza ndi anthu, ndipo mpaka zaka zaposachedwa lakhala likutchuka m'nyuzipepala za ku Zambia ndi nkhani za malonda a chamba ndi kulimbana ndi apolisi.

Mfunda wa Nyirongo si wachilendo kwa Mmalawi. Umapezeka ku Rumphi ndi Mzimba monga momwe umapezekera ku Lundazi, chifukwa malire adangodula pakati pa abale. Ngakhale mtsogoleri woyamba wa Zambia, Kenneth Kaunda, bambo ake David Kaunda adachokera kuno ku Nyasaland, atatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukalalikira ku Chinsali. Chiyankhulo cha m'misewu ya Lusaka nacho ndi Chinyanja, chomwe chidakhazikika kumeneko kaamba ka anthu ochokera kuchigawo chakummawa kwa dzikolo ndi kuno kwathu, komanso chifukwa ndicho chinkagwiritsidwa ntchito kupolisi. Ndi Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, choti mphunzitsi wa Chichewa atha kuchilemba ndi inki yofiira, koma munthu wa pa Phalula amachimva popanda womasulira.

Pomwe Zambia inkalandira ufulu pa 24 October 1964, Paul adali mnyamata wa zaka 15. Dzikolo lidali ndi ndalama. Mkuwa wa m'migodi ya Kitwe, Ndola, Chingola, Mufulira ndi Luanshya unkabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja, ndipo mtengo wake udali wokoma. Ogwira ntchito m'migodi ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, makampani adali atawamangira maholo ndi malo achisangalalo, ndipo m'masitolo munkapezeka magalamafoni, malekodi ochokera ku Britain ndi America, ngakhale magitala a magetsi. Mnyamata wa m'komboni sakadatha kugula zonsezi, koma makutu alibe chitseko.

Za Hendrix zifika m'komboni

Nyimbo zomwe zidasokoneza mitu ya anyamata a msinkhu wa Paul zidali za chamba cha rock. Poyamba adali The Beatles ndi The Rolling Stones. Kenaka kudabwera zolemera kuposa pamenepo: Deep Purple, Black Sabbath ya ku Birmingham, ndi Jimi Hendrix, munthu wakuda wa ku America amene ankaliza gitala ndi mano, nthawi zina ataiyika kumbuyo kwa mutu. Hendrix adamwalira mu September 1970 ali ndi zaka 27. Chaka chomwecho James Brown adafika ku Zambia nkuyimba pamaso pa chinamtindi cha anthu, ndipo anyamata ambiri adaona ndi maso awo zomwe munthu wakuda angachite pansanja.

Magulu adabuka ngati bowa wa m'dzinja. Sukulu ya sekondale, komboni, tauni ya mgodi, paliponse padali anyamata anayi kapena asanu odzitcha dzina la Chingerezi loopsa. Ambiri ankangobwereza nyimbo za azungu liwu ndi liwu, ena osamva nkomwe tanthauzo lake, bola anthu avine. Paul adayambira m'gulu lotchedwa The Scorpions, kenaka Three Years Before. M'masiku amenewa ndi momwe adapalana ubwenzi ndi woyimba ng'oma Chrissy Zebby Tembo, amene adadzakhala naye limodzi pa zimbale zomwe zidawatchukitsa.

Aliyense amene adayimbako m'bandi ya achinyamata akudziwa moyo wake. Zida kawirikawiri si zanu, ndi za mwini bala kapena hotela, ndipo tsiku lomwe mwayambana naye bandi yathera pomwepo. Nsambo ikaduka pakati pa dansi mumailumikiza. Ndalama ya pakhomo mukagawana imangokwana ya basi ndi nsima ya mawa. Kunyumba makolo amakuonani ngati mwana wotayika, poti masiku amenewo gitala ndi uchidakwa zinkatengedwa ngati mapasa. Ambiri amasiyira pamenepa nkukafuna ntchito ya pamwezi. Paul sadasiye.

Mwayi wake waukulu udadza pomwe adalowa m'gulu la Musi-O-Tunya, dzina lochokera ku mathithi a Victoria Falls, lomwe limatanthauza utsi wogunda ngati bingu. Gululi, lomwe mwa oliyambitsa mudali Rikki Ililonga, lidakakhala ku Nairobi m'dziko la Kenya chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nairobi nthawi imeneyo idali kuchimake kwa zojambula nyimbo kuno kummawa kwa Africa: kudali masitudiyo, fakitale yodinda malekodi, ndi oyimba ochokera ku Congo, Tanzania ndi Uganda. Musi-O-Tunya ndi limodzi mwa magulu oyamba amene adaleka kungobwereza za azungu nkuyamba kuthira ng'oma ndi ziyankhulo za kwawo mu rock. Paul sadakhalitse m'gululi, koma adabwerera ku Lusaka atadziwa njira ya ku situdiyo, njira yomwe adadzaiyendanso ndi gulu lakelake.

Atatu okha, phokoso la khumi

Chapakati pa zaka za m'ma 1970 adakhazikitsa Ngozi Family. Dzina loti Ngozi silidachokere kwa makolo. Lidabwera kaamba ka zomwe ankachita pansanja, makamaka kuliza gitala ndi mano monga Hendrix, mwakuti oonerera ankangoti munthu uyu ndi ngozi. Iye adalilandira dzinalo, nkulipatsanso bandi yonse.

Gululi pachimake pake lidali la anthu atatu: Paul pa gitala ndi kutsogolera kuyimba, Tembo pa ng'oma, ndi wa gitala ya besi, poyamba Billy Sithenge kenaka Tommy Mwale. Kwa ife amene tidazolowera bandi ya anthu khumi, ya makiyibodi awiri, malipenga ndi ovina, atatu angaoneke ochepa. Koma ubwino wa atatu ndi woti palibe pobisala. Wa ng'oma akaphonya aliyense amamva. Komanso pogawana ndalama, atatu amakhuta pomwe khumi akadagona ndi njala.

Chinsinsi cha phokoso lawo chidali kabokosi kakang'ono kopondera ndi phazi kotchedwa fuzz. Kabokosika kamalumikizidwa pakati pa gitala ndi chimkuzamawu, ndipo ntchito yake ndi kukweza mphamvu ya mawu a gitala mopitirira muyeso mpaka mawuwo kusweka. Gitala imaleka kulira mosalala ngati ya rumba, nkuyamba kusasa mawu, kulira ngati njuchi zolusa m'mng'oma kapena chigayo chikamameza chimanga chouma. Amisiri a zamawu poyamba ankati kumeneko ndi kuonongeka kwa zida. Anyamata a rock adati ndiko kukoma kwake. Pa magulu onse a ku Zambia a nthawi imeneyo, palibe lomwe lidakonda phokoso limeneli kuposa Ngozi Family.

Chimbale chawo choyamba, Day of Judgement, chidatuluka mu 1976. Mukachimvera lero mumamva kuti sichidapakidwe mafuta: ng'oma zikumveka ngati zili m'chipinda chomwecho, mawu a Paul ndi okhakhala, ndipo pena liwiro limathamanga nkubwerera. Wofuna nyimbo yosalala sangapirire nacho. Komatu moyo wake uli pomwepo. Akatswiri a nyimbo a ku America ndi ku Ulaya atachimva patapita zaka zambiri adachiyerekeza ndi chamba cha punk, chomwe chinkaphulika ku London ndi New York m'chaka chomwecho cha 1976. Anyamata a ku Lusaka adafika pa phokoso limenelo podzera njira yawoyawo, ya zida zochepa ndi nthawi yochepa ya mu situdiyo.

Chachikulu pa chimbalechi ndi choti pakati pa nyimbo za Chingerezi padali za Chinyanja, monga Kumanda kwa Bambo Wanga ndi Tikondane. Tangoonani mitu yakeyo. Rock ya azungu inkakamba za atsikana, galimoto ndi ziwanda za m'mabuku. Uyu adatenga gitala yomweyo nkupita nayo kumanda kwa bambo ake, nkhani yomwe mwana aliyense wamasiye wa ku Chibolya, Ndirande kapena Phalula akuidziwa mumtima.

Zitatero zimbale zidangotsatizana ngati ana a mbuzi. M'zaka ziwiri zokha, 1976 ndi 1977, kudatuluka zingapo, kuphatikizapo The Ghetto ndi 45,000 Volts. The Ghetto ndi chimbale chokamba za moyo wa m'komboni momwe iye adakulira: umphawi, kutaya mtima, ndi kupemphera. M'menemo muli nyimbo ya mutu woti Ulesi Tileke, umboni woti munthu amene makolo ankamuona ngati wosokoneza ana adali mlangizi wa kumudzi wovala buluku la belo. Nayo 45,000 Volts, yomwe adakajambula ku Nairobi nkutuluka mu 1977, dzina lake likunena za mphamvu ya magetsi. Anthu a ku Balaka atha kuseka pang'ono, poti nthambo zochokera pa siteshoni ya magetsi ya Phombeya zimanyamula mavoti 400,000, koma kwa mnyamata wokulira m'nyumba ya koloboyi, 45,000 idali nambala yoopsa ndithu.

Tembo naye adatulutsa chimbale chake, My Ancestors, akuyimba yekha mawu kwinaku akumenya ng'oma, Paul akumuthandiza pa gitala. Mtsogoleri wa bandi wololera kubwerera kumbuyo kuti wa ng'oma awale sapezekapezeka, ndipo mabandi ambiri kuno kwathu adapasuka pa nkhani yomweyi ya dzina la ndani likhale pachikuto.

Lamulo la Kaunda, lumo la Kamuzu

Luso lokha silikadakwanira. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, Kaunda, amene naye ankakonda kuliza gitala ndi kuyimba pamisonkhano, adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale za ku Zambia. Cholinga chake chidali kulimbikitsa chikhalidwe ndi umodzi wa dziko. Mwina ankayembekezera ng'oma za makolo ndi makwaya. Chomwe chidachitika nchakuti wailesi idasowa nyimbo zokwanira kudzaza maola onsewo, ndipo aliyense amene adali ndi lekodi yakeyake adapeza mpata. Kubwereza za The Beatles kudatha ntchito. Wofuna kumveka adayenera kupeka.

Padalinso anthu a malonda okonzeka. Ku Ndola kudali kampani ya Teal, yomwe idali ndi makina odindira malekodi, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, amene ankasaka magulu, kuwalipirira situdiyo ndi kugulitsa malekodi awo m'masitolo ake. Choncho unyolo udali wathunthu: bandi ipeke, situdiyo ijambule, fakitale idinde, wailesi iulutse, wa pamgodi agule pakutha pa mwezi. Magulu monga WITCH ya Emmanuel Jagari Chanda, Amanaz, The Peace ndi Blackfoot adatulukira pa unyolo umenewu. Chamba chonsechi chidapatsidwa dzina loti Zamrock, ndipo amene amatchulidwa kuti adayambitsa dzinali ndi muulutsi wa pawailesi Manasseh Phiri.

Tsono yerekezani ndi kuno kwathu m'zaka zomwezo. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankakumana ndi lumo, ngakhale alendo pabwalo la ndege. Bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkatha kuletsa nyimbo pa chifukwa chilichonse, ndipo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa poti dzinalo lidali la Mama Kadzamira. Wailesi idali imodzi, MBC, ndipo oyimba ambiri ankajambulira komweko, tepi nkutsala m'nyumba ya wailesiyo. Zambia nayo idali ya chipani chimodzi, sikuti kudali ufulu wa chilichonse, koma mnyamata wa tsitsi la nyankhalala ndi nsapato zazitali zidendene ankatha kukwera pansanja popanda wa Youth League kumudikirira panja.

Sikuti Malawi idalibe luso. Kudali Jazz Giants, abale a Kachamba ku Chileka, Robert Fumulani ndi Likhubula River, kenaka Kalimba ndi Makasu. Ku Balaka, Alleluya Band idabadwa mu 1978 pa parishi ya Katolika, Paul Banda ali mnyamata, pothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, bambo Mario Pacifici. Nkhani ya Balaka ikufanana ndi ya Ndola pa mfundo imodzi: pomwe padapezeka zida, situdiyo ndi njira yogulitsira makaseti, tauni yaing'ono idasanduka likulu la nyimbo, nkutulutsa Lucius Banda ndi ena ambiri. Pomwe zinthu zimenezi padalibe, mabandi adafera m'mabala momwe adabadwira.

Chakudza sichiyimba ng'oma

Chodabwitsa nchakuti pomwe Ngozi Family inkatulutsa chimbale choyamba, nthaka idali itayamba kale kugumuka. Mtengo wa mafuta udakwera koopsa kuyambira 1973, ndipo wa mkuwa udagwa mu 1975 osadzukanso msanga. Malire ndi Rhodesia, komwe kunkadzera katundu wambiri, adali atatsekedwa mu 1973. Ndalama zakunja zitayamba kusowa, zonse zomwe woyimba amadalira zidasowa nazo: nsambo, zida zosinthira m'zimkuzamawu, ngakhale pulasitiki wodindira malekodi. Munthu amene wayima pamzere kudikira ufa, sopo ndi mafuta ophikira saganiza zogula lekodi.

Kenaka nkhondo idalowa m'dziko. Zambia inkasunga omenyera ufulu wa Zimbabwe, makamaka a Joshua Nkomo, ndipo pa 19 October 1978 ndege za asilikali a Ian Smith zidaphulitsa kampu ya Chikumbi kufupi ndi Lusaka. M'ziwembu za masiku omwewo, kufupi ndi Mkushi, mudafera Alick Nkhata, woyimba ndi muulutsi wakale amene nyimbo zake za Chinyanja ndi Chibemba zinkamveka mpaka kuno pa wailesi ya Lusaka m'zaka za m'ma 1950. Mu April 1979 asilikali a Rhodesia adalowa mu Lusaka mwenimweni nkuphwanya nyumba ya Nkomo. Boma lidayamba kuletsa anthu kuyenda usiku ndi kulamula kuti magetsi azizimitsidwa. Kwa bandi, usiku ndiwo munda. Magulu adayesa kuyimba masana, koma dansi ya dzuwa lili pamutu siyitana anthu ngati ya usiku.

Zokonda za anthu nazo zidasintha. Disco itafika, eni mabala adaona kuti kulipira munthu mmodzi wa malekodi nkotchipa kusiyana ndi kudyetsa bandi. Makaseti odabingidwa mwakuba adadzaza misika, woyimba osaonapo ngakhale ngwee. Ndipo m'zaka za m'ma 1980 chamba cha kalindula, cha besi yonenepa ndi ng'oma za kumudzi, chidalanda bwalo kudzera mwa oyimba monga PK Chishala, Amayenge ndi Shalawambe.

Magulu ambiri a Zamrock adapasuka pamenepa. Ngozi adapirira. Adachepetsa ukali wa gitala, nkuwonjezera nyimbo za m'ziyankhulo za kwawo zokamba za m'banja, chibale, ndi makhalidwe a m'tauni, ndipo adapitiriza kutulutsa nyimbo m'zaka za m'ma 1980. Nchifukwa chake pali a Ngozi awiri m'makumbukiro a anthu. Azungu amene adamutulukira posachedwa amadziwa wa fuzz, wa 1976 ndi 1977. Anthu wamba a ku Zambia amakumbukira kwambiri wolangiza uja, amene nyimbo zake zinkalira m'mabasi ndi m'mashabini, zonena zinthu zomwe aliyense ankaziona koma osazitchula. Kunena zoona, wachiwiriyu ndiye adadyetsa woyambayo, chifukwa phokoso lopanda nkhani silikadamusunga pamsika zaka zonsezo.

Mdani womaliza sadabwere ndi ndege. Edzi idalowa ku Zambia, monganso kuno, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anthu asadaidziwe bwino, mankhwala otalikitsa moyo kulibe, ndipo kuitchula dzina kudali kochititsa manyazi. Kaunda adachita chinthu chomwe atsogoleri ambiri a mu Africa sadayerekeze: mu 1987 adauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzyo, amene adamwalira mu December 1986, adafa ndi matendawa. Oyimba, amene ntchito yawo idali ya usiku, ya maulendo ndi ya m'mabala, adakhudzidwa koposa. Mwa anyamata amene adayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye adatsala. Olemba mbiri ya Zamrock amamuwerengera Paul Ngozi pa mndandanda wa oyimba amene mliriwu udatenga. Manasseh Phiri uja, amene adapatsa chambachi dzina, adali dokotala, ndipo zaka zake zambiri zotsatira adazithera pa ntchito yophunzitsa anthu za HIV ndi Edzi.

Banja lililonse la pa msika wa m'mbali mwa msewu waukulu likudziwa zomwe zaka zimenezo zidachita. Sipafunika kufotokoza zambiri.

Malekodi adzuka kubwinja

Kwa zaka pafupifupi 20 Zamrock idangoti zii. Magalamafoni adatha, malekodi adatayidwa kapena kusungidwa m'masutikesi pansi pa bedi, ndipo matepi ambiri oyambirira a mu situdiyo adasowa. Jagari, amene kale ankadzaza maholo, adakakhala mphunzitsi, kenaka nkumakumba miyala ya mtengo wapatali kutchire kuti apeze chodyetsa banja.

Koma lekodi ili ndi khalidwe limodzi labwino: ikapanda kusweka kapena kukhala padzuwa, imasunga mawu zaka makumimakumi. Kaseti imatafunidwa ndi wailesi, foni imagwera m'madzi, memori khadi imafufutika, koma mizere ya pa lekodi imakhalapobe. M'zaka za m'ma 2000 anthu osaka malekodi akale a ku Ulaya ndi America adayamba kupeza zimbale za ku Zambia nkudabwa nazo. Zina mwa zoyambirirazo zidayamba kugulidwa pa madola mazanamazana chimodzi. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, idayamba kuzitsuka mawu ndi kuzidindanso. Day of Judgement idatulukanso mu 2014, ndipo mu 2017 kampaniyi idatulutsa zimbale ziwiri zosonkhanitsa magulu osiyanasiyana zotchedwa Welcome to Zamrock!

Jagari adabwerera pansanja ali ndi zaka zoposa 60. Filimu yofotokoza mbiri ya WITCH idatuluka mu 2019, gululo lidayendera maiko a ku Ulaya ndi America, ndipo mu 2023 lidatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Woyimba wamkazi wa ku Zambia wotchuka kunja, Sampa the Great, naye adatulutsa nyimbo yolemekeza Zamrock mu 2022. Jagari adakhala ndi moyo mpaka kudzaona zonsezi ndi maso ake. Paul sadazione.

Komabe mwa onsewo, mawu amene adafika patali kwambiri ndi ake. Tyler, the Creator adatenga chidutswa cha Nizakupanga Ngozi, ya m'chimbale cha 45,000 Volts, nkumangapo nyimbo yake yotchedwa Noid, yokamba za mantha a munthu wotchuka amene akuona ngati aliyense akumulondalonda. Sadangotenga gitala yokha, adasiyamo mawu a Paul akuyimba m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. Chimbale chomwe muli nyimboyi, Chromakopia, chidafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, ndipo pa mayina a olemba nyimboyo pali Paul Dobson Nyirongo. Pa intaneti, achinyamata a ku Zambia ndi Malawi ndi amene adasanduka aphunzitsi, kumasulira anzawo a maiko ena zomwe mkuluyu ankanena.

Mutu wa nyimboyo wokha ukuonetsa Chinyanja cha m'tauni chija. Wa ku Dedza kapena Ntcheu akadati ndidzakuchita, wa ku Lusaka akuti nizakupanga. Mu 1977 akuluakulu osamala chiyankhulo akadati ndi Chinyanja chowonongeka cha ana a m'komboni, monga momwe amisiri ankanenera kuti fuzz ndi gitala yowonongeka.

Ku Lusaka, m'dera la Kabwata, kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi Road. Uli mumzinda womwewo ndi Alick Nkhata Road, msewu waukulu womwe umadutsa pa likulu la wailesi ya boma. Wa Ngozi ndi wa m'kati mwa malokeshoni, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Chibolya ndi mtunda woti munthu atha kuyenda wapansi.